Wogulitsa watsopano sakulimbikira ntchito: mafunso ndi mayankho kwa omuyang'anira

Mayankho awa ndi a masupavaiza ndi eni mabizinesi opikulitsa katundu, amene amatuma munthu kukatenga maoda m'magolosale, m'maokala ndi m'misika: sopo, mafuta ophikira, shuga, mchere, machesi, mabisiketi ndi zakumwa. Zambiri zikugwiranso ntchito kwa wogulitsa wa pakauntala mu hadiweya kapena m'sitolo ya mbewu ndi feteleza.

Mwezi watha koma sanagulitse zooneka. Kodi umenewu ndi ulesi?

Musafulumire kutchula ulesi. Kusagulitsa kuli ndi magwero anayi, ndipo mukamayang'ana muli mu ofesi onse amaoneka ofanana: munthu sakudziwa, akuopa, alibe zomuyenereza, kapena sakufuna basi. Gwero lililonse lili ndi mankhwala ake, ndipo mukaphonya gwero mutaya miyezi itatu.

Kusadziwa ndi kosavuta kuyesa. Mufunseni mitengo ya zinthu khumi zoyenda kwambiri asakuyang'ana papepala. Mufunseni kuti m'katoni ya sopo muli zidutswa zingati, ndipo mwini golosale akagulitsa chimodzichimodzi apeza phindu lanji. Akakakamira pa mafunso amenewa, vuto ndi maphunziro amene munamupatsa.

Mantha amabisala bwino kuposa zonse. Woopa amabwerera ku magolosale asanu omwewo amene eni ake amamulandira ndi nsangala, n'kukhala pamenepo akucheza mpaka dzuwa kupendeka. Masitolo akuluakulu amawalambalala. Akangomva "lero ayi" amathokoza n'kutuluka. Paja akuluakulu anati mbewa ya manyazi inafera kuuna: munthu wotere akhoza kuchotsedwa ntchito osanenapo ngakhale kamodzi kuti chimamuvuta n'kuyamba kulankhula ndi munthu wachilendo.

Zomuyenereza ndi mbali yanu. Kodi ndalama ya thiransipoti ikukwana pa mtunda umene munamupatsa? Ali ndi mayunitsi oimbira makasitomala? Pepala la mitengo ndi la sabata ino? Kodi ruti yake si ija amene anachoka anasiya ngongole ndi mikangano? Kodi oda akaitenga Lolemba, galimoto ikupereka katundu Lachiwiri, kapena ikufika Lachisanu kasitomala atakapikula kale kwina?

Wosafuna amadziwika ndi chinthu chimodzi: amadziwa, zida ali nazo, mukayenda naye ntchito imatheka bwinobwino, koma mukangomusiya yekha manambala amagwa. Ngati muli limodzi mwafika magolosale 28, mawa lake ali yekha wafika 9, ndipo zimenezi zabwerezeka kangapo, apo ndiye mwapeza mphwayi zenizeni.

Ndiziwerenga chiyani, popeza ndalama za malonda sizikunena zonse?

Kwa munthu watsopano, werengani zochita zake musanawerenge ndalama. Kugula kapena kusagula kuli m'manja mwa kasitomala, koma kufika pakhomo la golosale kuli m'manja mwa wogulitsa. Manambala anayi akukwana: nthawi imene wafika pa golosale yoyamba, magolosale amene wafika tsikulo, angati mwa amenewo apereka oda, ndi mitundu ingati ya katundu ili pa oda iliyonse.

Muyezo umatengera dera. M'malo othithikana ngati Ndirande, Bangwe, Kawale kapena Area 25, munthu woyenda pansi akhoza kufika magolosale ndi maokala 25 mpaka 30 pa tsiku. Pa ruti ya matauni ang'onoang'ono otalikirana, yoyenda pa njinga yamoto kapena pa minibasi, 12 mpaka 15 ndi ntchito yabwino. Musangotenga manambala athuwa: yendani rutiyo nokha tsiku limodzi, muwerenge, ndiye muike muyezo umene mwauona ndi maso.

Manambalawa amakuuzani pamene pali bala. Akafika magolosale ochepa, vuto ndi khama kapena kasanjidwe ka njira. Akafika ambiri koma maoda n'kukhala atatu mwa 30, vuto ndi kalankhulidwe pakauntala. Maoda akachuluka koma iliyonse n'kukhala ndi mtundu umodzi wokha, ndiye kuti akungolemba zimene kasitomala watchula, sakugulitsa.

Kuyenda naye kumatanthauza chiyani kwenikweni?

Si kumuperekeza n'kumagulitsa inuyo iye atanyamula chikwama. Ambiri amalakwitsa apa: supavaiza akaona oda ikupulumuka amalumphira, n'kuitenga yekha, ndipo wophunzira amangophunzira kuti zikavuta bwana alankhula.

Gawani masiku atatu motere. Tsiku loyamba mukugulitsa ndinu m'magolosale khumi oyamba, iye akuonerera. Mukatuluka pa lililonse mufunseni chimene waona ndi chifukwa chimene munachitira zimenezo. Masana musinthane: golosale ina inu, ina iye. Tsiku lachiwiri akugulitsa ndi iyeyo ponseponse. Inu mupereke moni, muime chakumbuyo, mutseke pakamwa ngakhale oda ikutayika. Mukatuluka, yendani kaye pang'ono kuti kasitomala asamve, ndiye munene chinthu chimodzi chimene wachita bwino ndi chimodzi choti akonze pa golosale yotsatira. Chimodzi chokha. Mukamuunjikira zolakwa zisanu ndi ziwiri sakonza n'chimodzi chomwe. Tsiku lachitatu ayende yekha m'mawa, inu mukumane naye masana pamalo amene mwagwirizana, muone kope lake la maulendo, ndipo mubwerere naye ku magolosale awiri amene anakana.

Pambuyo pake muziyenda naye kamodzi pa sabata kwa mwezi wathunthu, ndipo tsikulo musamamuuziretu nthawi zonse.

Pa golosale penipeni, ndimuphunzitse kuchita chiyani?

Mphindi 5 mpaka 8 zikukwana pa okala, ndipo zili ndi dongosolo lake. Asanalowe ayang'ane m'kope kuti ulendo watha mwini wake anatenga chiyani ndipo ali ndi ngongole yanji. Akafika apereke moni waulemu ndi kutchula munthuyo monga amatchulidwa m'deramo, "amayi", "abambo", "bwana", ndipo ngati pali ogula adikire, chifukwa wogula wa sopo mmodzi ndi wofunika kwa mwini okala kuposa wogulitsa aliyense.

Kenako maso pa shelefu. Ili ndi gawo limene aulesi amalumpha, pomwe ndi limene limabweretsa oda. Awerenge katundu wanu wotsala, aone chimene chatha, aone masiku othera, aonenso katundu wa anzanu opikisana nawo ndi mtengo wake. Akatero asafunse kuti "mukufuna chiyani lero?" chifukwa yankho lake ndi "zilipo". Anene zimene waona: "Amayi, sabata yatha munatenga makatoni awiri a sopo, ndaona zatsala zidutswa zisanu zokha, ndipo kumapeto kwa mwezi kwayandikira. Ndilembe makatoni awiri kapena atatu?"

Aphunzire kulankhula za phindu la mwini golosale, osati ubwino wa katundu. Tiyerekeze katoni ya zidutswa 24 ikupikulidwa pa K24,000 ndipo chimodzi chikugulitsidwa K1,200: katoniyo ibweretsa K28,800, phindu K4,800. Masamu otere aziwachita pamutu kapena pa foni mosazengereza. Pomaliza abwereze oda mokweza, anene tsiku limene katundu afike ndi kalipiridwe kake, atolere ngongole ngati ilipo n'kupereka lisiti, ndipo alembe m'kope asanafike pa golosale yotsatira.

Yesezani zimenezi m'mawa kwa mphindi 15, inu mukhale kasitomala wovuta. Muchite muli awiri, osati pamaso pa gulu, chifukwa woopa akasekedwa kamodzi safunanso kuyesa.

Tsiku lililonse akubwera ndi "anthu alibe ndalama, mitengo yakwera". Ndimuyankhe chiyani?

Vomerani mbali yoona. M'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale ndalama zimasowadi m'manja mwa anthu, makamaka kumidzi, ndipo malonda amadzuka anthu akakolola ndi misika ya fodya ikatsegulidwa cha mu Epulo. Pakati pa mwezi sipafanana ndi kumapeto kwa mwezi. Kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mpamba wa maokala ambiri unachepa mphamvu, moti amene ankatenga katoni anayamba kutenga theka. Wogulitsa amene akunena zimenezi sakunama.

Koma kusowa kwa ndalama kumachepetsa kukula kwa oda, sikuchepetsa magolosale amene munthu angafike. Ndiye mufunseni mayina: ndani ananena kuti alibe ndalama, nthawi yanji, pa shelefu pake panali chiyani, munamuuza za theka la katoni? Amene anafikadi amayankha msanga ndi tsatanetsatane. Amene anakhala pansi pa mtengo amangoti "onse". Yerekezaninso ndi mnzake wa ruti yofanana m'sabata yomweyo, osati ndi malonda a Disembala.

Ndikukayikira kuti malipoti ake ndi opeka. Ndingatsimikize bwanji?

Sankhani magolosale asanu m'kope lake, muimbe foni kapena mupiteko mawa lake, mufunse ngati anafika ndi zimene anakambirana. Ena amafuna kuti wogulitsa atumize malo amene ali kapena chithunzi cha shelefu pa WhatsApp akafika pa golosale yoyamba, ya masana ndi yomaliza. Njirayi ndi yabwino ngati mukumupatsa bandulo ndipo lamulolo likukhudza ogulitsa onse, osati iye yekha.

Kupeka lipoti ndi nkhani ina, yosiyana ndi kulephera kugulitsa. Kumeneko ndi kusakhulupirika, ndipo munthu amene akupeka maulendo musamusiyire ndalama za ngongole m'thumba usiku. Azipereka tsiku lomwelo, kapena makasitomala azilipira mwachindunji pa nambala ya kampani ya Airtel Money kapena TNM Mpamba.

Ndikambirane naye bwanji kuti asanyanyale?

Muli awiri, chitseko chotseka, kope lili patebulo. Mawu akuti "ndinu aulesi" asatuluke, chifukwa iye akana, inu muumirira, ndipo mutha ola lonse mukukangana za khalidwe lake. Nenani zooneka: "Achimwene, tinagwirizana magolosale 25 pa tsiku. Lolemba munafika 11, Lachiwiri 9, Lachitatu tili limodzi 27. Ndithandizeni kumvetsa, chikuchitika n'chiyani masiku amene muli nokha?" Mukafunsa khalani chete, ngakhale papite nthawi.

Apa ndi pamene zobisika zimatuluka. Wina ali ndi geni yake imene amathamangira masana. Wina ali ndi wodwala kunyumba. Wina ndalama ya thiransipoti amagulira ufa n'kuyenda pansi theka la ruti. Wina anaphunzira za ofesi ndipo akuchita manyazi kuonedwa ndi anzake akusukulu akuzungulira m'maokala. Wina anangolowa ntchitoyi podikira ina. Zina mwa izi mungathandize, monga kusintha ruti kapena kupereka thiransipoti tsiku ndi tsiku m'malo mwa pa sabata. Zina simungathe, ndipo n'chilungamo kumufunsa mosabisa ngati ntchitoyi akuifunadi.

Malizani ndi pangano lolembedwa la mizere yochepa: zimene iye achite, zimene inu muchite, ndi tsiku lokumananso. Nonse musayine, aliyense atenge lake.

Kodi kumuika pa komishoni yokha sikungamudzutse?

Kawirikawiri ayi. Munthu amene sanayambe kugulitsa amaona komishoni ngati chinthu chakutali, ndiye amagwa mphwayi kwambiri kapena amayamba njira zachidule: kukakamiza katundu pa ngongole kwa anthu osalipira, kapena kukwezera mtengo mwamseri. Komishoni izilipidwa pa ndalama zimene zatoleredwa, osati pa maoda olembedwa. M'miyezi iwiri yoyamba, kagawo ka bonasi kamangirireni pa zochita, monga kukwanitsa maulendo a sabata ndi kupeza makasitomala atsopano, kuti aone msanga kuti khama likulipira. Dziwaninso kuti ngati ndi wantchito wanu, amene mumamuikira maola ndi ruti, malipiro ake asatsike pa malipiro ochepetsetsa amene boma limalengeza, ndipo simungasinthe kalipiridwe kamene munagwirizana popanda kukambirana naye.

Ndingamudule malipiro ngati chilango?

Ayi. Lamulo la ntchito la Employment Act la 2000, gawo 56, limaletsa olemba ntchito kulipiritsa wantchito chindapusa. Zilango zimene limatchula ndi chenjezo lolembedwa, kuimitsidwa ntchito kwa kanthawi ndi kutsitsidwa udindo. Chimene mungachite n'kusalipira masiku amene wajomba popanda chilolezo ndi popanda chifukwa chomveka. Kulephera tageti si kujomba.

Ndi m'bale wa mwini kampani, kapena ndi wamkulu kwa ine. Nditani?

Ulemu usachoke, muyezo usatsike. Munthu wamkulu mumutchule "abambo" kapena "amayi", mumudzudzule pambali, koma magolosale 25 akhale 25. Ngati ndi m'bale wa bwana, pitani kwa bwanayo msanga, zinthu zisanaipe, mutanyamula manambala osati madandaulo. Muwafunse funso limodzi: kodi mwanayu ayezedwe ngati anzake, kapena ayi? Akati ayi, pemphani kuti malonda a ruti yake asawerengedwe pa tageti ya gulu lanu. Akati inde, apempheni kuti anene okha mawu amenewo mwanayo ali pomwepo, chifukwa wachibale amene akudziwa kuti madzulo akadandaula kwa malume sangamvere supavaiza.

Anzake ayamba kung'ung'udza kuti ndikumunyengerera.

Ali ndi mfundo ngati nthawi yanu yonse ikuthera pa iye. Sabata zoyamba zikadutsa, tsiku limodzi pa sabata ndi lokwanira kwa munthu mmodzi, ndipo masiku enawo ndi a amene akulimbikira, chifukwa ola limodzi ndi wogulitsa wakhama limabweretsa malonda ochuluka. Musamulande wakhama makasitomala ake abwino kuti mukwezere manambala a wofooka. Mukafuna kuti wina wakale amutenge pa ruti, sankhani woleza mtima, osati wogulitsa kwambiri, ndipo mumupatse kangachepe chifukwa tsiku limenelo komishoni yake itsika.

Ndidikire nthawi yaitali bwanji?

Luso limatenga nthawi, khama silitenga nthawi. Munthu akhoza kufuna miyezi itatu kuti adziwe makasitomala ndi kuti iwo amukhulupirire, koma kufika pa golosale yoyamba 8 koloko angayambe mawa. Choncho mukamaliza kukonza mbali yanu, mupatseni masabata anayi. Sabata yoyamba akwanitse nthawi yoyambira ndi chiwerengero cha magolosale. Yachiwiri apitirize zomwezo ndipo kope likhale lolembedwa mokwanira. Yachitatu maoda ayambe kukwera, mwachitsanzo kuchoka pa atatu mwa khumi kufika pa anayi. Yachinayi aonjeze mitundu ya katundu pa oda ndi makasitomala atsopano awiri kapena atatu. Lachisanu lililonse khalani pansi mphindi 20, mulembe zimene zachitika.

Ngati maulendo akwana koma maoda akadali ochepa, musamutaye munthu ameneyo: akuyesetsa, ndipo chotsala ndi ntchito yanu yophunzitsa. Ngati pakutha pa sabata yachiwiri ngakhale maulendo sakukwana popanda chifukwa, perekani chenjezo lolembedwa. Samalani ndi amene amadzuka masiku atatu akachenjezedwa n'kugonanso. Pa chenjezo lembani kuti muyezowo ndi wa nthawi zonse, osati wa sabata imodzi.

Bwanji ndingomusamutsira ku sitoko kapena kokapereka katundu?

Kwa wamanyazi amene amasunga nthawi ndi kulemba bwino, kusamutsa kumathandiza, ndipo ena amakhala akalaliki abwino a m'nyumba yosungira katundu. Kwa wosafuna ntchito, mwangosamutsa vuto n'kulipereka kwa supavaiza mnzanu.

Zakanika. Ndimuchotse bwanji mosaphwanya lamulo?

Yambani ndi kalata yake ya ntchito. Gawo 26 la Employment Act limalola nthawi yoyeserera kwa wantchito waluso, yosapitirira miyezi 12, ndipo m'nthawi imeneyi mbali iliyonse ingathetse mgwirizano popanda notisi. Nthawiyi iyenera kukhala yogwirizana kuyambira pachiyambi, simungaiyambitse lero chifukwa munthu wakukhumudwitsani. Ku Zambia lamulo ndi lina: Employment Code Act ya 2019 imaika miyezi itatu, imene ingaonjezedwe ndi ina itatu.

Gawo 57 la Employment Act ya ku Malawi limafuna zinthu ziwiri pochotsa munthu chifukwa cha kagwiridwe ka ntchito kapena khalidwe: chifukwa chomveka, ndi mwayi woti adziteteze. Ngakhale akadali pa nthawi yoyeserera, ife timalangiza kutsata ziwirizi. Mulembereni kalata yonena zimene akuimbidwa, ndi masiku ndi manambala ake. Mumupatse masiku angapo okonzekera. Pa tsiku lomva mbali yake pakhale munthu wina wolemba zokambirana, ndipo ngati n'kotheka wogamula asakhale supavaiza yemwe akudandaula. Chigamulo chiperekedwe polemba.

Wolandira malipiro pa mwezi amene wadutsa nthawi yoyeserera amayenera notisi ya mwezi umodzi kapena malipiro a mweziwo m'malo mwake, kupatula pa milandu ikuluikulu imene gawo 59 limalola kuchotsa nthawi yomweyo. Malipiro ake onse otsala, kuphatikizapo komishoni imene anaigwirira ntchito ndi masiku atchuthi amene sanapume, aperekedwe pasanathe masiku 7, ndipo akapempha kalata yosonyeza kuti anagwira ntchito kwa inu, mupatseni. Iye ali ndi ufulu wokadandaula ku ofesi ya zantchito ya m'boma lake pasanathe miyezi itatu, ndipo nkhani ingafike ku khoti la Industrial Relations Court. Kumeneko udindo wosonyeza chifukwa uli pa olemba ntchito, ndiye kope la maulendo, mapangano osayinidwa ndi makalata a chenjezo zisungidwe bwino.

Nanga ruti yake ndi makasitomala ake?

Asanachoke, yendani naye kapena tumani wina kwa kasitomala aliyense amene ali ndi ngongole, mwini golosale avomereze ndalama yotsala ndi kusayina. Landirani buku la malisiti muwerenge masamba ake, zitsanzo za katundu, foni ndi chiphaso cha kampani. Tsiku lomwelo dziwitsani makasitomala pa foni kapena pa uthenga kuti kuyambira lero ndalama azipereka kwa ndani, popanda kumunyoza wochokayo. Ruti isakhale sabata yathunthu yopanda munthu, chifukwa mwini okala sopo akamuthera sadikira, amakwera kabaza kukapikula ku Limbe kapena ku Malangalanga, ndipo kumubweza kumatenga maulendo angapo.